Masitepe Asanu a Grade 7

Gulu: RAMP PA SKULU
Mildred, a Mubiana Head, Peter Nyimba

Lolemba 13 Jan

07:52 Mildred: a Head mwauka bwnj. ndine amake Abby uja wa wheelchair. skulu mwatsegula lelo, nanga kalata ija yopempha ramp ili pati? mwezi ukubwelawu ikwanitsa chaka

07:54 Mildred: ndaikamo a Peter mu gulu lino. kwao ndi ku Nyimba, naonso ali ndi mwana woyendela ndodo, Wendy. tinadziwana pa mzele ku chipatala ku Petauke. za ma ramp anazipitamo kale

07:59 Peter: mwauka bwnj a Head. ndine chairman wa makolo a ana olumala kuno kwathu. tilipo 4 kuwelengela chairman yemwe

09:30 a Mubiana: Good morning parents. Noted.

09:31 Mildred: noted ndiye kt ili pati

11:47 a Mubiana: Kalata inachoka pa office yanga mu June. Manje ili ku boma. A bungwe amene azamanga ayembekeza chabe stamp imodzi. Let us be patient amai.

11:50 Peter: february mpaka june pa tebulo imodzi. inali kuphunzila nao ana?

11:58 Mildred: 🎤 1:12
A Head, pepani ndilankhule, kulemba kundichedwetsa. Chaka chatha Abby anali Grade 6 ku block ya kumunsi, masitepe awili chabe, tinali kungonyamula njinga yake kutsogolo yakwela. Lomba Grade 7 ili ku block ya kumtunda, masitepe asanu, ndipo amene anawamanga anali ndi miyendo yaitali. Njinga siikwela. Lelo ndamutsitsa, ndamubeleka ndi chitenje ngati khanda, mtsikana wa zaka 14, mapazi akundigunda kuseli kwa maondo. Anyamata pa windo akuti mwana walila mpatseni bele. Sanalile. Wangondiluma pa phewa kuti ndifulumile. Pano ndabwelanso kudzamutsitsa, munda ndausiyila udzu. Chaka chino ndi cha mayeso, a Head. Mwanayu anayamba skulu mochedwa kusowa njinga, alibe chaka china chotaya.

12:03 Mildred: ndiye ndakumbuka. pa kalata paja tinalemba kt ramp ikhale pa class ya g6. sitingasinthe tilembe 7?

12:04 Peter: AYI

12:04 Peter: amake Abby osaigwila kalata iyo. kalata ikayamba kuyenda siibwezedwa. mukasintha ka number kamodzi chabe ibwelela pansi pa mulu, iyambenso kukwela. ramp izafika Abby ali ndi zidzukulu

12:06 Peter: omanga ali ndi maso. akafika muzangowalozela khomo, basi

12:40 a Mubiana: Mr Peter is correct. Any amendment ni fresh application.

12:44 Mildred: chabwino. ndamva akuluakulu

Lachisanu 24 Jan

10:15 a Mubiana: Good news parents. Approved! Simenti na zitsulo ni za a bungwe. Mchenga na miyala ni community contribution, makolo abweletse by next week.

10:17 Mildred: ambuye alemekezeke 🙏🙏 zkm a Head. ndiuza amai a ku section kwathu ku church

10:22 Peter: ndinanena. kuona maso a nkhono nkudekha

10:24 Peter: koma muwayang'anile pomanga. ya kwathu anaimanga yoimilila ngati phili la ku Kacholola. Wendy amakwela masitepe ndi ndodo zake, ramp amaiopa

Lachinai 30 Jan

15:36 Mildred: 📷 mchenga uwu. amai 11, ma ulendo 6 ku mtsinje, zidebe pa mutu. taunjika pa masitepe a g7 penipeni, ngakhale wakhungu apunthwa pomwepo

15:38 Peter: nzelu 👏 Abby ali bwnj

15:49 Mildred: wasiya kumwa tiyi m'mawa. madzi omwe sakumwa mpaka aweluke. akuti akamwa afuna ku chimbudzi, ndiye amutsitse ndani pa masitepe paja ine ndili ku munda

15:50 Mildred: milomo yauma ngati ya wodwala malungo. koma masamu anapeza 46 pa 50

16:31 a Mubiana: 👍

Lachiwili 4 Feb

12:09 Mildred: 📞 a Mubiana sanayankhe

12:10 Mildred: 📞 a Mubiana sanayankhe

12:11 Mildred: a Head yankhani foni pls

12:11 Mildred: omanga abwela. atuta mchenga wathu ndi wilibala kupita nao ku block ya kumunsi. akumba kale pa g6

12:13 Mildred: 📞 a Mubiana sanayankhe

12:20 Peter: alozeleni khomo!!

12:41 Mildred: 🎤 0:58
Ndawalozela, a Peter. Ndawalozela ndi chala, ndawalozela ndi mwana yemwe ali kumsana. Ndinali ku munda kuthila feteleza, pofika ndapeza akhoma kale matabwa. Ndati bambo, mwana wa ramp iyi ndi uyu, aphunzila uko kumtunda. Wamkulu wao watulutsa pepala m'thumba, walitambasula bwinobwino, akuti amai welengani apa, Grade 6 classroom. Ndati mwanayo anapambana, anapita mu 7. Akuti zabwino zimenezo, mumugulile sweet. Ndati ndiye mangani uko. Akuti amai, akabwela oyendela nchito adzayeza ndi pepala, sadzayeza ndi mwana. A Deputy ndawapeza, akuti iwo sangalankhule pa pepala losaina a Head. Newo ndaima pamenepo ngati chitsa, mchenga wanga womwe ndinasenza ukulowa mu simenti.

12:45 Peter: eish

12:52 Peter: ndinati ali ndi maso. sindinati amawagwilitsa nchito

12:53 Mildred: mwewo a Peter lelo khalani chete

12:53 Peter: ok

Lachitatu 5 Feb

13:05 a Mubiana: Sorry parents, naona ma missed call manje. Nili ku Chipata ku workshop ya Inclusive Education, ma phone timazima. Very enriching. Nizaona nikabwela.

13:07 Mildred: mubwela liti

13:08 Mildred: simenti iuma

17:20 Mildred: a Head

Lolemba 10 Feb

08:14 Mildred: 📷 yatha. kunena zoona ndi yokongola. yosalala, zitsulo zogwila mbali zonse, apaka blue

08:15 Mildred: m'mawa uno ndapezapo mbuzi ziwili zikuothela dzuwa. a Deputy alowetsela pomwepo njinga yao yamoto kuibisa mvula. ine ndadutsa ndi Abby kumsana kupita kumtunda

08:19 Peter: walila mvula walila matope

08:26 Mildred: a Head nzelu yanga yaing'ono iyi. ramp singasamuke koma ana ali ndi miyendo. a g7 atsike kumunsi, a g6 akwele kumtunda. asinthane ma class basi

08:27 Peter: ndi zimenezo. nkhani yatha

10:52 a Mubiana: Amai it is not that simple. 1. Upper block ni ya ma seniors since skulu inamangidwa. 2. Pa chitseko panalembedwa GRADE 7 na oil paint. 3. Madam Akabiwa wa Grade 7 anajambula ma map na digestive system pa chipupa na manja yao, sangasiye. 4. Kusintha ma class kufunika general meeting ya PTA.

10:54 Mildred: itanani meeting

11:10 a Mubiana: Nthawi ya mvula makolo sabwela, ali ku minda. Meeting ni after harvest. Mwina May or June.

11:11 Peter: 🚫 uthenga wafufutidwa

11:13 a Mubiana: Mr Peter ninawelenga musanafufute. Mutu wanga uli bwino, thank you.

11:14 Peter: pepani a Head inali ya mlamu wanga

11:15 a Mubiana: Mlamu wanu naye ni headteacher?

11:29 Mildred: penti ndingagule ine. 7 kumusandutsa 6 sizitenga tsiku

11:30 Mildred: a Head?

Lolemba 24 Feb

07:05 a Mubiana: Amake Abby mwauka bwanji amai athu? Banja lonse lili bwino? Chimanga chili bwanji ku munda?

07:11 Peter: amake Abby samalani. akufuna kanthu

07:16 a Mubiana: Pa Friday kubwela alendo ochoka ku Lusaka, a bungwe aja, kuzapeleka ramp officially. Afuna chithunzi cha mwana akukwela. Abby abwele na uniform yochapa, wheelchair mupukute.

07:18 a Mubiana: One small thing. Report yao ikamba kuti beneficiary ali Grade 6. So akafunsa, for that day only, Abby ali Grade 6. Kuti vinthu vigwilizane.

07:31 Mildred: ndinamutumiza kwa inu kt aphunzile masamu. lomba mwaonjezapo phunzilo la bodza

07:33 a Mubiana: Si bodza amai, ni protocol. Tikawakhumudwitsa sazabwelanso, na ma toilet tinawapempha.

07:40 Peter: amake Abby vomelani. mwai ndi uwu. a Head atipatse malo pa programme, kholo lilankhule. mukaima pamaso pa alendo muzanena zonse, ramp apa mwana uko

07:41 Peter: oh. ndaiwala kt a Head ali momuno

07:44 a Mubiana: Nili momuno. Item 9, Vote of Thanks by Parent. Two minutes. Thanks means thanks.

07:58 Mildred: a Peter malangizo anu oyamba aja ndikali kuwabeleka kumsana

08:00 Peter: ndidziwa. ndiye chifukwa chake friday ndibwela ndekha, ndiime pambali panu. shop ya ma spare nditseka. ndibweletsa ndi tayala latsopano la njinga ya Abby, lakale lija latha

08:06 Mildred: chabwino. ndilemba pa pepala kt ndisaiwale mau pamaso pa anthu

Lachisanu 28 Feb

08:31 Mildred: tafika. ana afola pa dzuwa kuyembekeza alendo. Abby amuika pansi pa ramp, amumangila ribbon kutsogolo

08:33 Mildred: ine andiika kophika. akuti amai onse kuseli, nkhuku 9 sizidzisosola zokha

08:50 Peter: ndili mu minibus pa Nyimba. conductor akuti watsala munthu mmodzi

10:20 Peter: akali kutsala mmodzi

11:45 Mildred: alendo zii. ana awili akomoka. kwaya yaimba nyimbo zonse yayambilanso

12:38 Peter: tanyamuka

13:27 Peter: tayala laphulika. spare ilipo koma ilibe mpweya. ndi la wheelchair lokha lili bwino mu galimoto muno

14:22 Mildred: afika. ma galimoto 3

14:24 Peter: pepala muli nalo?

14:25 Mildred: lili pa chifuwa

14:51 a Mubiana: Amake Abby bweletsani madzi osamba m'manja ku high table. Alendo athamangila, afuna kufika ku Lusaka lelo. Items 6 to 9 tadumpha.

14:52 Peter: 9 NDI YATHU

14:53 Peter: amake Abby imilani chabe mulankhule

15:10 Peter: amake Abby?

15:48 Peter: ndafika pa Petauke. minibus ya kwanu ku Msanzala akuti watsala munthu mmodzi

17:02 Mildred: 🎤 1:49
A Peter, bwelelani, zatha. Sindinalankhule. Ndinali nditagwada ndi beseni, amai wamkulu wa alendowo akusamba m'manja, ndinati nditsegule pakamwa, a Head anandiyang'ana, alendo anati thank you mama, basi beseni lapita kwa wina. Pepala lanyowa ndi thukuta, inki yonse ili pa khungu. Koma si chimene chinanditseka pakamwa, ndisanamizile a Head. Atadula ribbon ija, Abby anagwila matayala, anakankha yekha. Palibe anamugwila. Anakwela, anakhota, analowa m'kalasi. Zaka zonsezi sindinamuonepo mwana wanga akulowa pa khomo la skulu popanda dzanja la munthu. Anatembenuka pakhomo paja akuseka, mano onse panja, kuseka kumene ndinakuiwala. Wojambula anati abweleze, sanagwile bwino. Anabweleza katatu, iye kukondwa, akanati kakhumi akanakwela. Ndiye amai aja anawelama, akuti uli grade chani mwanawe. Ine ndati lomba anena yekha. A Peter, palibe anamutsina, palibe anamunong'oneza. Anayankha mokweza, six. Anthu m'manja. Newo ndinalila, ndipo mpaka pano sindidziwa ndinalilila chiti.

17:09 Peter: pepani amai. ndalephela kufika

17:11 Peter: tayala ndasiya kwa a Maureen ogulitsa tomato pa market, mukatenge

18:03 a Mubiana: Thank you all for a colourful function. Alendo anakondwa maningi. Abby was excellent.

Lolemba 3 Mar

07:40 Mildred: a Head bwelani muone zanu

07:41 Mildred: tafika pa skulu ndayala chitenje kt ndimubeleke. wandidutsa. wakwela ramp walowa mu g6 wakhala kutsogolo

07:43 Mildred: ndamutsatila ndati tiye ku class kwako. akuti amama friday ndinali g6 pamaso pa alendo, ndakula liti

07:44 Peter: 😂

07:44 Peter: pepani. sizoseketsa

07:46 Mildred: wamwa tiyi makapu awili lelo. akuti ndikafuna kutuluka ndituluka

09:15 a Mubiana: Naona. Mr Ngosa wa Grade 6 amulandila bwino. Let her settle, ni excitement chabe. Izasila.

Lachinai 6 Mar

12:30 Mildred: siinasile. tsiku lachinai ali mu g6. zonse akuphunzitsa a Ngosa anazimaliza chaka chatha, akuthandiza kuchonga mabuku a anzake

13:55 a Mubiana: Amai pali issue. Maina a olemba mayeso a Grade 7 titseka next Friday, 14. Mwana amene sapezeka mu class ya Grade 7 siningamulembetse. Akwele kumtunda or abweleze Grade 6. Musankhe.

13:58 Mildred: kapena class itsike

14:01 a Mubiana: General meeting amai. Nakamba kale.

14:05 Mildred: makolo ndikawasonkhanitsa ndekha mubwela?

14:30 a Mubiana: If there is a quorum.

14:33 Peter: quorum ndi angati

14:34 Peter: a Head quorum ndi angati

Lachiwili 11 Mar

09:12 Mildred: 📷 makolo 31 pansi pa mtengo wa pa skulu. ndayenda midzi 4 khomo ndi khomo. ena asiya makasu m'munda. a Peter afika, anagona ku Petauke kuopa minibus

09:14 Peter: a Head tili panja. tikuonani pa windo

09:40 a Mubiana: Quorum ni 50. Also a chairman a PTA ali ku malilo, meeting siingakhale popanda iwo.

09:42 Peter: aliyense pano wakweza dzanja kt ana asinthane. ndi agogo ena akweza onse awili

09:44 a Mubiana: I appreciate the spirit. Koma popanda minutes ni kucheza chabe.

09:51 Peter: Madam Akabiwa atuluka. akuti iwo alibe nazo vuto, ma map angajambulenso

09:58 a Mubiana: Madam Akabiwa is not the administration.

10:35 Mildred: anthu ayamba kubalalika. mitambo yada, fodya ali panja

10:37 Mildred: 50 ndikanawapeza mukanandiuza lachinai lija

11:20 Peter: a Head ine ndine wogulitsa ma spoko chabe, sindinapite ku workshop. koma funso langa ndi ili. chitseko chija cholembedwa GRADE 7 chizalemba mayeso chaka chino?

Lachisanu 14 Mar

07:55 a Mubiana: Amake Abby lelo ni deadline. Nifuna yankho by 12 hours.

08:47 Mildred: 🎤 1:31
Ndayesa. Mulungu ndi mboni ndayesa. Dzulo lonse ndamunyengelela, ndati miyezi isanu ndi iwili chabe mwanangu, ndikubeleka ine mai wako, manyazi ali pati. Ndati ukapambana upita ku secondary ku Petauke komwe umanena kuja. Wakana. Lelo pofika pa skulu ndati zokambilana zatha, ndamunyamula mwamphamvu. Wagwila chitsulo cha ramp ndi manja onse. Mumawadziwa manja a mwana woyendetsa njinga, a Peter, ndi a mwamuna. Ndakoka, iye wagwila, ana atizungulila. Ndiye wandiuza pang'onopang'ono, osakuwa, akuti amama mukandiika kumsana lelo, skulu ndasiya, simudzandionanso nditavala uniform. Ndamuyang'ana m'maso, ndi mwana wanga ndimudziwa, sanali kuopseza. Ndamubweza pa njinga. Ndamukonza kolala. Wakwela yekha. Ndakwiya, a Head, ndakwiya kwambili, koma amene ndingamukwiyile pano ndi mwana amene akufuna kulowa pa khomo ngati munthu.

09:02 Peter: a Head mulembetseni chabe dzina. aphunzile ali kumunsi, Madam azimutumizila notes. mwana wa 46 pa 50

09:30 a Mubiana: Register siilola. Mwana mmodzi sangakhale mu ma class awili.

09:31 Peter: pa friday paja anakhala

11:15 a Mubiana: Amai time.

11:41 a Mubiana: Amake Abby niike repeat?

11:56 Mildred: ikani

11:58 a Mubiana: Thank you for your cooperation. Glad the issue has been resolved amicably.

12:20 Peter: amake Abby ndikuimbileni?

12:48 Peter: chabwino. ndiimba mawa

Lachitatu 21 May

10:04 Mildred: a Head takolola. meeting ija

Lolemba 16 Jun

08:30 Mildred: chimanga chili m'nkhokwe, nshawa zauma. makolo ali pa nyumba. meeting ija tikonzele chaka cha mawa

08:52 Peter: ndabweletsa funso lomwelo

Lachisanu 8 Aug

11:20 a Mubiana: Congratulations to Abby, position 1 mu Grade 6, term 2! Nawatumizila a bungwe report form yake. This shows the ramp is bearing fruit.

11:34 Peter: mwana wa g7 wapambana g6. tiphe mbuzi?

11:50 Mildred: meeting

12:15 a Mubiana: Term 3 amai. Manje tili busy na ma mock.

Lachiwili 14 Oct

16:02 Peter: amake Abby muli bwnj. kwatentha kuno ngati m'ng'anjo. Wendy akuti moni kwa Abby

16:20 Mildred: tilipo. Wendy wakonzeka mayeso?

16:24 Peter: akuyesa. sindinafune kuitchula nkhaniyo

16:31 Mildred: tchulani, si malilo. Abby wamulembela timafunso ta masamu pa pepala, akuti ndimutumizile. iye zonse za g7 akuwelenga yekha madzulo, mabuku wabweleka kwa Madam. sindidziwa akuwelengela chani

Lolemba 27 Oct

06:14 a Mubiana: NOTICE. Dear parents, ana a Grade 6 asabwele ku skulu week yonse ino. Class yao izagwilitsidwa nchito pa mayeso a Grade 7 amene ayamba lelo. Let us wish our candidates well.

06:20 Mildred: class iti

06:21 Mildred: ya ramp?

06:33 a Mubiana: Yes amai. A supervisor a mayeso amene atitumizila kuchoka ku skulu ina ni achikulile, ali na vuto ya maondo. Anabwela pa Friday kuona malo, anati ma step aja sangakwanitse daily. So we had to be considerate.

06:35 Peter: meeting inachitika liti

06:35 Peter: anakwana 50?

06:42 a Mubiana: It was an emergency Mr Peter. Ana ananyamula ma desk, 20 minutes vinasila. Very smooth.

06:43 Mildred: 20 minutes

06:58 Mildred: Abby anavala kale uniform. ndamuwelengela zonse mwalembazi, sindinadumphe liu

07:03 Peter: akuti bwnj

07:11 Peter: amake Abby

07:19 Mildred: wavula nsapato. akuti muwauze a supervisor pokwela agwile chitsulo cha kumanja, cha kumanzele chimagwedela